Tsiku Limene Anamutreda Anselmo

Kondwani mwana wanga,

Ndakhala pakhonde la kuseri kuno, dzuwa lapendeka koma kutentha sikunathe. Iwe wapita kukatsanzika anzako. Abambo ako akuti akupumula, koma ndikuwamva akuyendayenda m'chipindamo. Sitima ya katundu yangodutsa kumene kumusi kuja, ndipo matabwa a khondeli akunjenjemerabe pang'ono. Ndasankha kukulembera m'Chichewa. Ndikudziwa kuti uwerenga movutikira, chala chili pamzere, koma ndi zimene ndikufuna. Chizungu umachiwerenga mothamanga, ndipo chodutsa mothamanga sichikhala m'mutu.

Mawa ukwera ndege ya ku Arizona kukayamba kusewera besibo, mpira uja woponya ndi dzanja wina n'kumenya ndi chibonga, ngati ntchito. Kuyambira mawa, anthu amene sanakuonepo ayamba kukhala ndi maganizo pa iwe. Adzanena kuti ndiwe wofunika, adzanena kuti anakutenga molakwitsa, adzanena kuti akugulitse kukadali m'mawa. Ine ndine mmodzi wa anthu a mtundu umenewo, ndiye undimvere, ndimawadziwa.

Titafika ku South Bend unali usanayambe sukulu. Ine ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo kumeneko ndinapatsidwa nkhalamba ina yachizungu, a Stanley, amene anagwira ntchito pafakitale moyo wawo wonse. Maso awo anali atafa, miyendo itafooka, koma kawailesi sikankachoka pamtsamiro. Masana ena ndinawapeza atatsinzina, kawailesi kakungolongolola zinthu zopanda mutu. Ndinati agona, n'kuwazimitsira. Osatsegula ngakhale chikope anandiuza kuti, "Mayi, mwandiphera munthu ali pafupi kufika kwawo." Ndinachita mantha zedi, ndimayesa akubwebweta. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndikhale pansi andiphunzitse besibo, kuti "kwawo" ndi pamene wothamanga amagoletsera. Ndinawafunsa mafunso opusa kwa miyezi yambiri ndipo sanatope nane. Ukakafika kumeneko usadzachite manyazi kufunsa, mwana wanga. Wodziwa chinthu amasangalala akafunsidwa.

A Stanley ankasapota timu ina ya ku Chicago, ndiye nanenso ndinangolowa momwemo ngati mmene mkazi amalowera mpingo wa mwamuna wake. Chaka chilichonse, sinowo isanathe n'komwe kusungunuka m'mbali mwa msewu, iwo ankakhala atakonza kale ndime ya chipulula ya mu Okutobala. Ankayala zala pabulangeti n'kumandiuza kuti chala ichi ndi ife, ichi ndi a kum'mawa, tikakumana ndi awa tiwamaliza msanga chifukwa alibe oponya, koma tipemphere kuti a kumadzulo agwetsedwe ndi ena tisanakumane nawo. Ankayankhula pang'onopang'ono, nkhope itayang'ana kuwindo kumene sankakuona. Ine ndikusintha nsalu za pabedi ndinkaliona ndithu bwalo lawolo, udzu wobiriwira, mbalame zikutera kumapeto kwake, anthu ambirimbiri atavala majuzi. Okutobala akafika, timu yathu inkakhala itapita kale kunyumba. Iwo osadandaula. Ankangopinda zala zija n'kunena kuti chaka chamawa. Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu choyamba chimene ndikufuna usunge. Wochemerera akamayankhula za wosewera amakhala akulota maloto akeake. Iweyo amangokubwereka nkhope. Akakutamanda usatupe, akakunyoza usafote, nkhaniyo kwenikweni si yako.

M'timu imeneyo munali mkulu wina wandevu, womenya mpira mwamphamvu koma wolemera pothamanga. Ankayenda chotsimphina pang'ono ngati malume ako a ku Ntcheu, ndiye ine ndinangomutcha kuti Achimwene. Ukukumbukira kuti chithunzi chake chinali pafiriji? Chaka chimene anasaina kontirakiti yaikulu, anthu omwe aja ankamuimbira nyimbo anatembenuka. Akangophonya, oimba foni pawailesi ankati ndalama zamulemetsa miyendo. Nanenso ndinanenapo mawu amenewo ndikutsuka mbale, ngakhale ndinkamukonda. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu akasaina pepala sasanduka chitsulo, bondo limawawabe ngati kale.

Zotsatirazi ukuzidziwa kuposa ine, koma ndizilembabe chifukwa zinanditengera nthawi kuzimvetsa. Timu za m'matauni aang'ono zili ngati nazale ya timu zikuluzikulu. Anyamata amayambira pansi n'kumakwera, ndipo eni ake atha kuwazula tsiku lililonse n'kukawaoka kwina. Timu ya ku South Bend kuja inali nazale ya timu ina yakutali kumadzulo, osati yanga ya ku Chicago. Chaka china analengeza kuti akufuna mabanja oti asunge anyamata osewera m'nyengo yotentha. Ndinalembetsa ndisanawauze abambo ako. Nditawauza, madzulo ake ndinawapeza akusesa chipinda cha pansi chija n'kuyesa ngati babu ikuyaka. Komabe usatengere ine pamenepa. Chinthu chokhudza nyumba yonse uziyamba wafunsa amene ukukhala nawo.

Anatibweretsera Anselmo. Unali ndi zaka ngati khumi. Anali mnyamata woponya mpira wa ku Venezuela, wamtali, woonda, zaka makumi awiri asanakwanitse, Chizungu chake chongokwanira kunena zikomo ndi pepani. Tsiku loyamba anaima pakhomo ndi chikwama chimodzi, anandigwira dzanja ndi manja awiri ngati mwana wa kwathu, n'kunditchula kuti Mama. Tsiku lina anapeza ufa wanga m'kabati, nkhope yake inawala, anaukanda kuti aphike timikate ta kwawo. Tinatuluka tolimba ngati matailosi, koma tonse tinadya, abambo ako akuyamikira mwaulemu. Masiku amene timu sinkasewera ankakutengera kuseri kwa galaja kukakuphunzitsa kagwiridwe ka mpira. Ine ndinkakuonani pawindo la kukhitchini. Kunja kunkachedwa kuda, ziphaniphani zikuyamba kutuluka mu udzu, inu awiri osamvana chilankhulo koma mpira ukupita n'kubwera, kupita n'kubwera. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndili dziko liti. Ndinkaona ngati ndikatsegula chitseko ndiona phiri la kwathu kuseri kwa nyumba ya aneba.

Kumapeto kwa Julayi ndi nthawi imene matimu amasinthana osewera. Amene akuona kuti afika mu chipulula amagula akuluakulu odziwa kale, amene ataya mtima amagulitsa n'kutenga ana. Chaka chimenecho timu yanga inali itataya mtima. Ndinkachokera kuntchito masana, ndikuyendetsa m'mbali mwa mtsinje, pamene wailesi inalengeza kuti Achimwene amutreda, amusinthanitsa ndi osewera ena, wapita ku timu ya kumadzulo. Ndinamenya chiwongolero. Anthu anayamba kuimba foni mmodzimmodzi, aliyense atapsa mtima. Wina anati eni timu atigulitsa tonse. Wina anafunsa kuti nanga tapatsidwa chiyani, wowulutsa n'kuyankha kuti ana awiri a m'timu za pansi, winayo dzina lake silitchulika n'komwe. Onse anaseka. Ine ndekha m'galimoto ndinavomereza mokweza kuti atipatsa zinyalala. Kenako wowulutsa uja anayesa kuliwerenga dzinalo, akulipotoza dala kuti anthu aseke. Ngakhale analipotoza chotero ndinalimva. Linali dzina limene ndinkaliona pa makalata obwera kunyumba kwathu.

Ndinaimitsa galimoto pambali. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ndinkangoyang'ana madzi akuyenda, abakha akusambira ngati palibe chachitika.

Nditafika kunyumba ndinamupeza atakhala pamasitepe, chikwama chake chija chili pakati pa miyendo. Iwe unali utadzitsekera m'galaja, ukukana kutuluka. Anamuuza kuti anyamuke m'mawa mwake pabasi, apite ku nazale ya timu yanga ku dera lina. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chizungu chake chothyokathyoka, "Mama, ndi timu yanu ija. Anthu anu akondwa?" Ndinangoti sanakudziwe, akadzakudziwa adzakondwa. Anamwetulira, n'kundiuza kuti anzake anamutsegulira wailesi kubwalo, ndipo kuseka kumamveka chimodzimodzi m'chilankhulo chilichonse.

Kondwani, ukumva? Dzina lililonse limene limatchulidwa pawailesi lili ndi pamene limadyera. Kuchokera tsiku limenelo sindinatchulenso mwana wa munthu kuti zinyalala, ndipo iwenso usadzatero, ngakhale amene akulimbirana nawe malo. Ndipo lako lidzapotozedwa, usakayike. Adzalidula, adzaliseka, adzakupatsa lina losavuta. Uziwauza mwaulemu katchulidwe kake, kawiri, katatu, osakwiya koma osatopa.

M'mawa mwake ndinawafotokozera a Stanley. Iwo Achimwene ankamukonda kuposa ine. Kenako anandifunsa kuti mnyamatayo amaponya bwanji. Ndinawauza mmene ankakwezera mwendo, mmene mpira wake unkabwerera mowongoka kenako n'kugwa mwadzidzidzi ngati wapunthwa. Anagwedeza mutu, anayala zala pabulangeti, n'kunena kuti ndiye ameneyo adzatiyambira masewero oyamba a chipulula zaka zikubwerazi. Anamulowetsa m'maloto awo tsiku lomwelo. Anamwalira nyengo yozizira yotsatira, sinowo ikugwa mwakachetechete pawindo lawo lija, kawailesi kali pamtsamiro ngakhale kunalibe masewero.

Kenako abambo ako anapeza ntchito kuchipatala kuno ku Indianapolis, tinasamukira ku Beech Grove kuno. Anselmo ankaimba foni mwa apo ndi apo. Ankakwera pang'onopang'ono, chaka chino tauni iyi, chaka chamawa ina, mpaka anafika pa sitepe yomaliza, yoti ukangoidutsa walowa m'timu yaikulu. Timu yakeyo inabwera kudzasewera ndi ya kuno, pabwalo la m'tauni lija. Unali utayamba sekondale, utanditalikira kale. Tinakhala pafupi ndi mpanda. Atatuluka kukaponya sindinamuzindikire msanga, anali atadzaza, ali ndi ndevu. Kumwamba kunali kofiirira kuseri kwa nyumba zitalizitali, magetsi a pabwalo akuyaka kunja kusanade, ndipo iye ataima pakati pa zonsezo ankaoneka ngati munthu wa m'maloto a a Stanley.

Sanaponye bwino tsiku limenelo. Bambo wina kumbuyo kwathu, atavala chipewa cha timu yanga, anayamba kufuula kuti kodi uyu ndi amene tinatayira munthu wathu uja, abwerere kwawo. Ndinatembenuka. Zimene ndinamuuza ukuzikumbukira, chifukwa unamira pampando ndi manyazi, ndipo theka la mawuwo linali m'Chichewa. Sizinathandize chilichonse. Bamboyo anangowonjezera, anthu anatiyang'ana, ndipo ine ndinaphonya kuponya komaliza kwa mwana amene ndinabwera kudzamuona. Usamakangane ndi anthu a m'mipando, mwana wanga. Usamawerengenso zimene amalemba pa intaneti pansi pa dzina lako. Ndikudziwa kuti udzafuna kusuzumira. Ukadzamva chilakolako chimenecho, tuluka panja ukayende.

Tsiku lotsatira tinamutengera kukadya ku Lafayette Road, pa malo aja a mayi wa kwawo komweko. Anadya ngati wachokera ku ulendo, akucheza ndi mwini malo m'chilankhulo chawo, akuseka nkhani ya mkangano wanga. Koma ine ntchito yanga ndi yoyang'ana matupi a anthu. Ndinaona kuti kapu ankainyamula ndi dzanja lamanzere, lamanja atalisamiza pantchafu. Ndinamufunsa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti chigongono chikumuwawa, koma makochi sanawauze. Anati Seputembala ali pafupi, mwezi umene timu yaikulu imaitana anyamata ena a pansi, ndipo chaka chimenecho inali ndi mwayi wofika mu chipulula. Akanena za ululu, adzaitana wina. Ndinamuuza kuti apite kwa dokotala wa timu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti Seputembala akangotha apita. Sindinalimbikire. Nanenso mumtima ndinkafuna kumuona pa TV atavala yunifomu ija.

Seputembala asanafike chigongono chinaduka mtsempha ali pakati poponya. Anamuchita opaleshoni, anakhala chaka osasewera, ndipo atabwerera mpira wake sunalinso kugwa mwadzidzidzi muja. Nyengo yokonzekera sizoni itatha anamuitana mu ofesi n'kumuuza kuti amumasula, ntchito yamuthera. Pawailesi sanatchulepo. Amene ankakwiya aja anali atapeza kale wina womukwiyira. Thupi lako ndi lako, Kondwani. Timu ili ndi anyamata ambiri, iwe mkono wamanja uli nawo umodzi. Pakawawa unene tsiku lomwelo, ngakhale mawa lake kukhale kuti akukukweza. Ndabwereza, unene tsiku lomwelo.

Ife za kumasulidwa kwake sitinazidziwe. Anangosiya kutiimbira foni. Ndinkaganiza kuti watanganidwa, anyamata amatero. Patapita miyezi, Loweruka lina masana ndikupinda zovala, foni yanga ya m'manja inalira. Anali mayi, mawu ake akumveka kutali kwambiri, mzere ukuchita phokoso ngati mvula pamalata. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe kupatula dzina. Ankangoti, "Anselmo? Anselmo?" Kenako ankayankhula zambirimbiri mofulumira, n'kubwereranso pa dzinalo. Ndinazindikira kuti ndi mayi ake. Ndinayesa Chizungu, osamva. Ndinapezeka ndikuwayankhula m'Chichewa, ndikuwauza kuti pepani mayi, kuno kulibe, sindikudziwa kumene ali. Iwo akulira uko, ine ndikulira kuno, palibe amene ankafuna kuyamba kuika foni pansi.

Ndinalemba nambala yawo, ndinathamangira ku Lafayette Road kwa mayi wa malo odyera uja, ndipo iye ndi amene anatimasulira. Anselmo anali atasiya kuimba kwawo kuyambira tsiku limene anamumasula. Mayi ake sankadziwa ngati ali moyo. Nambala yanga anaipeza kuseri kwa chithunzi chimene anawatumizira kalekale, cha iye ndi iwe mutaima pa galaja. Tinamufufuza kudzera kwa anzake akale mpaka tinamupeza ku tauni ina ya kum'mwera, akukhoma madenga a nyumba, akugona pampando kwa mnzake. Sanali kudwala, sanali m'mavuto ndi boma. Anali ndi manyazi basi. Anandiuza kuti mudzi wonse unamuperekeza pochoka, ndiye ankadikira kuti apeze kaye nkhani yabwino yoti akanene. Ndinamuuza kuti ndiika foni pansi, ndipo iye aimbe kwawo ndisanamalize kumwa madzi amene ndinali nawo m'manja. Anaimba.

Lero ali bwino, ukudziwa. Ali ndi mkazi ndi ana aakazi awiri, madenga akukhomabe koma tsopano ali ndi anyamata akeake, ndipo Loweruka amaphunzitsa ana a m'dera lawo kuponya. Sabata yatha atakuimbira kukuyamikira, anapempha kuyankhula nane iwe utatuluka. Anati ndikuuze kuti ukakafika ukapeza anyamata a kwawo atakhala pakona paokha, osamva zimene kochi akunena. Ukakhale nawo. Ukadye nawo. Ngati adzakuike m'nyumba ya banja lina, uzitsuka mbale yako ndi ya mnzako, uzipereka moni m'mawa, Lamulungu ukapeza mpata uzipita nawo kutchalitchi ngakhale nyimbo zake zikhale zachilendo.

Za abambo ako. Ukuganiza kuti akwiya chifukwa wasiya malo a ku koleji. Sanakwiye, akuopa. Iwo anaona zonse zimene ndalembazi, anazionera pampando wa kumbali. Tsiku limene anabwera munthu wa timu uja ndi mapepala, unaona mmene anawerengera tsamba lililonse mpaka khofi wa mlendo anazizira, ndipo sanalole kuti usaine mpaka atalembamo kuti timu idzakulipirira sukulu ukadzasiya kusewera. Iwe unkagwedeza mwendo pansi pa tebulo, ukuona ngati akukuchedwetsa. Mzere umenewo ndi madalitso awo, sadziwa kuwapereka mwanjira ina. Mawa pabwalo la ndege usangowakupiza dzanja ngati mnzako. Uwagwire ndi manja awiri, uwatsanzike m'Chichewa, ngakhale lilime lipotoke.

Ine maloto ndili nawo, sindikubisira. Ndimakuona utaima pakati pa bwalo lalikulu, mpweya ukutuluka m'kamwa chifukwa cha kuzizira kwa Okutobala, anthu onse ataimirira. Ndimaziona ndikuyendetsa galimoto, ndimaziona ndili pamzere ku sitolo. Koma amenewo ndi maloto anga, usawanyamule m'chikwama, chalemera kale. Mwina udzafika, mwina adzakutreda kupita ku tauni imene sindinaimvepo, mwina tsiku lina m'mawa adzakuitana mu ofesi n'kutseka chitseko.

Likadzafika tsiku limenelo, usadzadikire kuti upeze kaye nkhani yabwino. Usadzakhale pabedi n'kumakonza mawu. Ukangotuluka mu ofesimo, nsapato zamasewero zili kuphazi, upeze foni. Ndikadzakhala kuntchito adzandiitana, ndawauza kale. Sudzafunika kufotokoza chilichonse, m'Chizungu kapena m'Chichewa. Udzangoti, "Amayi." Zotsalazo ndidzamva ndekha, ndipo ndidzakufunsa chinthu chimodzi chokha, kuti ndikakupeze pati.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere.

Ndine,
Mayi ako